Ntchito ya mlatho ku Indiana: kapitawo akuti prevailing wage inatha, zoona?

Nkhwazi_SB
Akuluakulu, tithandizane nzeru. Pali anyamata athu anayi omwe akugwira ntchito yokonzanso mlatho pa msewu waukulu kuno kumpoto kwa Indiana. Anawalemba ndi sabukontirakitala, akulandira $22 pa ola, ndipo awauza kuti kumapeto kwa chaka adzalandira 1099, fomu ya msonkho ya anthu odzilemba okha ntchito. Ntchito yawo yaikulu ndi kukhoma matabwa othiramo konkire, masiku ena kumanga zitsulo ndi waya, masiku ena kunyamula ndi kusesa. Sabata zambiri amafika maola 48 koma ovataimu palibe. Mmodzi atafunsa za prevailing wage, malipiro omwe lamulo limaika pa ntchito zomanga za boma potengera omwe amisiri a m'deralo amalandira, kapitawo anati lamulo limenelo linatha mu 2015. Ndi zoona? Ngati si zoona, ayambire pati?

Tsabola
Kapitawoyo wanena mbali yomukomera yokha.

MayiWaPayroll
A Nkhwazi, malamulo alipo awiri ndipo musawasakanize. La steti ya Indiana, Common Construction Wage Act, linathetsedwadi mu 2015. Koma pali la boma la federal, Davis-Bacon Act la 1931, ndipo steti ilibe mphamvu yolichotsa. Limagwira pa kontirakiti iliyonse yoposa $2,000 yomanga, kusintha kapena kukonza nyumba ndi zomangamanga za boma la federal, ngakhale kupenta kumene. Palinso malamulo ena ambirimbiri omwe amati boma la federal likangothandizako ndalama pa ntchito ya steti kapena ya mzinda, malipiro a Davis-Bacon amatsatira ndalamazo. Misewu ndi milatho yambiri imalowa pamenepa.

Ndiye funso loyamba si lakuti muli steti iti ayi. Funso ndi lakuti ndalama zomangira mlathowo zachokera kuti.

Injiniya_wa_Misewu
Ndiwonjezere pang'ono pa zomwe anena mayi. Pa misewu, Davis-Bacon imagwira pa yomwe ili m'gulu la federal-aid highways. Timisewu ta m'midzi ndi ta m'malokesheni, tomwe amatitcha local roads ndi rural minor collectors, nthawi zambiri timakhala kunja ngakhale patalowa ndalama za federal. Popeza mwati ndi msewu waukulu, mwayi ulipo ndithu.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Mawa m'mawa ayang'ane pa bolodi la zidziwitso lomwe limakhala pafupi ndi kalavani ya ofesi pa saiti. Pa ntchito ya Davis-Bacon payenera kumatidwa zinthu ziwiri poonekera: positala ya WH-1321 yonena za ufulu wa antchito, ndi wage determination, ndiye kuti mndandanda wa malipiro a mtundu uliwonse wa ntchito. Ajambule tsamba lililonse ndi foni. Akapeza palibe, afunse inspekitala wa nthambi ya misewu ya steti yemwe amabwera kudzaona ntchito. Awafunse chabe kuti kodi mu kontirakiti muli fomu ya FHWA-1273, yomwe imaikidwa m'makontirakiti a misewu okhala ndi ndalama za federal. Ikakhalamo, ndipo msewuwo uli m'gulu la federal-aid highways, nkhani yatha, lamulo likugwira.

Nkhwazi_SB
Nanga za 1099 zija? Iwowo akuganiza kuti poti anavomera kukhala odzilemba okha ntchito, ndiye kuti anadzitsekera okha.

MayiWaPayroll
Sanadzitsekere. Mawu a lamuloli ndi omveka: aliyense wogwira ntchito yamanja pa saiti alipidwe malipiro onse mosayang'ana mgwirizano womwe bwana akunena kuti ulipo pakati pawo. Amutche independent contractor, amutche mnzake wa bizinesi, amusainitse pepala lililonse, akangogwira hamala pa saitipo malipiro ake ndi a pa mndandanda. Komanso ayenera kulipidwa sabata iliyonse, osati pa sabata ziwiri kapena pa mwezi.

KalipentalaWakale
Ana inu, mverani apa chifukwa ndi pomwe ndalama zimathawira. Malipiro satsata dzina lomwe anakulembera polowa ntchito, amatsata chomwe manja ako akuchita. Kukhoma matabwa othiramo konkire, m'madera ambiri ndi ntchito ya kalipentala. Kumanga zitsulo za m'konkire ndi ya ironworker. Kunyamula, kusesa ndi kukumba ndi ya lebala. Chinyengo chofala kuposa zonse n'chakuti munthu wagwira macheka ndi hamala tsiku lonse koma pa payroll amulemba lebala.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, enieni ali pa bolodipo. Mndandanda ukuti kalipentala $32.00 pa ola ndi fringe $18.50, ndiye kuti ndalama zoonjezera za zinthu monga inshuwalansi ya chipatala ndi penshoni. Munthu wagwira maola 48 a ukalipentala.

Maola 48 kuchulukitsa ndi $32.00 ndi $1,536. Pa maola 8 opitirira 40 awonjezere theka la $32.00, ndiye $16 kuchulukitsa ndi 8, $128. Fringe ndi ya ola lililonse lomwe wagwira, 48 kuchulukitsa ndi $18.50, $888. Zonse pamodzi $2,552. Pa $22 walandira $1,056. Zotsala kwa bwana ndi $1,496, sabata imodzi, munthu mmodzi.

Onani kuti ovataimu imawerengedwa pa $32.00 pokha. Fringe sachulukitsa ndi 1.5. Ambiri amalakwitsa pamenepa, akapita kukadandaula ndi nambala yokwera n'kuoneka ngati akukokomeza.

Tsabola
$1,496 pa sabata! Anthu anayi, miyezi ingapo, bwanayo wagula thiraki ndi thukuta lawo.

Chitedze
Bambo Kalipentala, koma a Nkhwazi anena kuti masiku ena amasesa. Simungawerengere maola onse pa ukalipentala.

KalipentalaWakale
Mwanena zoona achimwene. Munthu akhoza kulipidwa mitundu iwiri sabata imodzi, mwachitsanzo maola 30 ngati kalipentala ndi 10 ngati lebala. Koma bwana amaloledwa kutero pokhapokha ngati ali ndi kaundula wolondola wosonyeza maola a ntchito iliyonse. Akapanda kusunga kaundulayo, maola onse amawerengedwa pa malipiro okwera. Ndi chifukwa chake ndimati wantchito aliyense akhale ndi kope lake m'thumba. Tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yopuma, nthawi yoweruka, ntchito yomwe wagwira, zida zomwe wagwiritsa, ndi dzina la yemwe anamutuma. Alembe tsiku lomwelo asanavule nsapato, chifukwa zolemba pakatha miyezi itatu wofufuza amazizindikira.

MayiWaPayroll
Pa fringe ndifotokoze bwino, chifukwa apa ndi pomwe makampani ooneka aulemu amaberapo mwakachetechete. Fringe inalowa mu lamuloli mu 1964. Bwana ali ndi njira zitatu: kuipereka ngati ndalama pa cheke, kuiika mu inshuwalansi ya chipatala kapena penshoni yeniyeni, kapena kusakaniza. Akasankha inshuwalansi kapena penshoni, ndalamazo ziyenera kulowa mosapitirira miyezi itatu iliyonse.

Zomwe sangawerengere ngati fringe ndi zomwe lamulo limamukakamiza kale kulipira, monga Social Security, workers' compensation ndi inshuwalansi ya ulova. Yunifolomu, zida ndi foni ya kampani nazonso si fringe.

Ndiye pali kawerengedwe ka pachaka. Tinene kuti inshuwalansi ya munthu imatengera kampani $600 pa mwezi, pa chaka $7,200. Munthuyo amagwira ntchito chaka chonse, zina za boma zina za anthu wamba, maola pafupifupi 2,080. Mugawe $7,200 ndi 2,080, mupeza $3.46 pa ola. Bwana angadziwerengere $3.46 yokhayo, ndipo ngati fringe ya pa mndandanda ndi $18.50, zotsala $15.04 pa ola ziyenera kuoneka pa cheke. Ochenjera amagawa $7,200 ija ndi maola a ntchito za boma okha, tinene 500, n'kupeza $14.40 pa ola. Pamenepo ndiye kuti ntchito ya boma ikulipirira inshuwalansi ya chaka chonse, ndipo n'zoletsedwa.

NaBanda_Indy
Mayi, nanga akawatcha ophunzira ntchito? Zimamveka kwambiri zimenezo, kuti iwe ndiwe watsopano ndiye ulandira theka.

MayiWaPayroll
Apprentice si dzina longopatsana pa saiti achemwali. Munthu ayenera kukhala wolembetsedwa iye mwini mu pulogalamu yovomerezeka ndi Office of Apprenticeship kapena ofesi ya steti yoona zimenezi, ndipo pamakhala chikalata. Malipiro ake ndi gawo la malipiro a mmisiri malinga ndi sitepe yomwe wafika. Pulogalamu iliyonse imanenanso kuti amisiri angati ayang'anire ophunzira angati. Ophunzira akachuluka kuposa chiwerengero chololedwa tsiku limenelo, opitirirawo amalandira malipiro athunthu a mmisiri. Wopanda chikalata, ngakhale atayamba dzulo, ndi wa malipiro athunthu. Helper nayenso saloledwa pokhapokha dzinalo litalembedwa pa mndandanda.

Mbiya77
Ine ndilankhula zosiyana, mundikhululukire. Lamulo limeneli timaliyamikira kwambiri koma lili ndi mbiri yake. Congressman Robert Bacon wa ku New York anayamba kulikankha mu 1927 kontirakitala wa ku Alabama atapambana ntchito yomanga chipatala cha asilikali opuma ku Long Island n'kubwera ndi antchito ake ochokera kumwera. Pokambirana mu Congress ena ankadandaula poyera za antchito akuda otsika mtengo, pa nthawi yomwe mayuniyoni ambiri a zomangamanga sankalandira anthu akuda. Lero vuto lina ndi mapepala. Kampani yaing'ono ya anthu asanu, monga zomwe abale athu akuyambitsa, siingakwanitse kulemba munthu wa payroll yekha, ndiye imangozisiya ntchito za boma. Ndipo mtengo wa mlatho ukakwera amalipira ndi tonsefe kudzera mu msonkho. Ofesi ya bajeti ya Congress yakhala ikuika kuchotsa lamuloli pa mndandanda wa njira zopulumutsira ndalama.

KalipentalaWakale
Mbiriyo sindikuikana a Mbiya. Koma taganizani momwe boma limagulira. Limapereka ntchito kwa yemwe watchula mtengo wotsika. Simenti, zitsulo ndi dizilo onse amagula pa mtengo wofanana. Chotsala chofinya ndi munthu. Popanda malire, wopambana amakhala yemwe walimba mtima kulipira pang'ono, ndipo lero omwe amafinyidwa choncho ndi obwera ngati anyamata a a Nkhwaziwa. Lamulo lomwe ena analifuna kuti litsekereze anthu akuda, lero ndi lomwe likunena kuti Mmalawi pa mlatho alandire chimodzimodzi ndi wobadwira konkuno.

Za mtengo, ofufuza sagwirizana. Ena amapeza kuti umakwera, ena amapeza kusiyana kochepa chifukwa amisiri odziwa amatha ntchito msanga ndipo sabwereza. Ine ndili mbali yachiwiriyi, poti konkire yothira m'matabwa okhota amaiphwanya ndi kuthiranso, ndipo ndalama zake ndi zambiri.

Mbiya77
Nanga bwanji apulezidenti amaliyimitsa pakagwa tsoka? George W. Bush analiyimitsa mu 2005 itachitika mphepo yamkuntho ya Katrina, bambo ake mu 1992 itachitika ya Andrew. Akanakhala kuti silikweza mtengo sakanatero.

Chitedze
La 2005 lija analibwezeretsa patangotha miyezi iwiri, anthu atakwiya, a chipani chake chomwe ena mwa iwo.

WakuJoni
Mukukangana za madola ife tikungomeza malovu. Kuno ku South Africa za misewu ndi milatho zimayendera bargaining council ya civil engineering, mabwana ndi mayuniyoni amagwirizana malipiro a giredi iliyonse. Koma ntchito za EPWP, pulogalamu ya boma yopatsa anthu ntchito zakanthawi, zili ndi malipiro akeake otsika kuposa minimum wage ya ena onse, ngakhale ndi za boma lomwelo.

MwanaWaKuDedza
Kumudzi ndiye kuli minimum wage yokha yomwe nduna ya zantchito imalengeza pansi pa Employment Act. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Minimum wage ndi pansi penipeni pa aliyense, pomwe izi mukunenazi ndi mtengo wa mmisiri m'dera lakelo. Ndikanakonda a PPDA, oyang'anira kagulidwe ka boma, ndi a bungwe loyang'anira makontirakitala ataganizira zoti kontirakitala wa msewu asalandire gawo lotsatira la ndalama asanaonetse kuti antchito analipidwa. Maganizo ake si achilendo, ILO, bungwe la United Nations loona zantchito, ili ndi pangano nambala 94 la 1949 lonena za malipiro pa makontirakiti a boma.

NaBanda_Indy
Za kumudzi titsegulire ulusi wake abale, apa anyamata akudikira yankho. Ndifunse, manambala a pa mndandandawo amawapeza bwanji? Ndi a yuniyoni?

Injiniya_wa_Misewu
Si nthawi zonse. Wage and Hour Division ya unduna wa zantchito imachita kafukufuku, makontirakitala ndi mayuniyoni amatumiza malipiro omwe analipira pa fomu ya WD-10. Amawerengera county ndi county, ndipo ntchito amazigawa mitundu inayi: building, residential, highway ndi heavy. Residential ndi nyumba zogona zosapitirira nsanjika zinayi. Kalipentala wa residential ndi wa highway mu county imodzi akhoza kusiyana kwambiri, ndiye musatenge mndandanda wolakwika.

Kasankhidwe kake kali motere. Ngati oposa theka la amisiri a mtundu umodzi amalandira malipiro ofanana ndendende, amenewo ndiwo. Ngati palibe, amatenga omwe amalandira anthu osachepera 30 pa 100 alionse. Zikakanikanso apo amatenga avereji. Sitepe ya 30 ija inachotsedwa nthawi ya Reagan, ndipo inabwerera ndi malamulo atsopano omwe anayamba kugwira pa 23 October 2023.

Pa pepalapo mungadziwe komwe nambala yachokera. Mzere woyamba ndi zilembo ngati CARP, IRON, LABO kapena ELEC ndiye kuti ndi malipiro a mgwirizano wa yuniyoni. Woyamba ndi SU ndi wochokera ku kafukufuku, ndipo ena mwa amenewa ndi akale kwambiri. Mindandanda yonse ili pa SAM.gov, aliyense akhoza kuiona ulere. Chenjezo limodzi: womwe ukugwira ndi womwe unalowa mu kontirakiti, osati watsopano womwe muupeze lero pa intaneti. Pamwamba pake pamakhala nambala yoyamba ndi IN, kenako chaka, ndi nambala ya modification yosonyeza kuti wasinthidwa kangati. Yerekezani zimenezo.

Chitedze
Ndipo ntchito ikasowa pa mndandanda, bwana sangangopeka malipiro. Amadzaza SF-1444 kupempha kuti mtundu umenewo uwonjezedwe, ndipo amavomereza ndi a Wage and Hour.

Nkhwazi_SB
Zikomo nonse. Atumiza zithunzi masana ano. Positala ilipo, mndandanda ulipo, unali kuseri kwa pepala lina. Koma mantha awo ndi awa: sabukontirakitalayo ndi kampani yaing'ono, akaipanikiza ikhoza kungotseka n'kuthawa. Komanso akuopa kuchotsedwa ntchito.

MayiWaPayroll
Apa ndi pomwe lamuloli lili ndi mano. Kontirakitala wamkulu amayankha pa zolakwa za masabu ake onse, ngakhale sabu wa sabu. Ofesi ya boma yomwe inapereka ntchito ikhoza kugwira ndalama zomwe imayenera kulipira kontirakitala wamkuluyo, zokwanira kubweza ngongole ya antchito. Choncho sabu akathawa ndalama sizithawa naye. Koma nthawi ndi yofunika. Kugwira ndalama n'kosavuta ntchito ikadali mkati, boma lisanapereke cheke chomaliza. Asadikire mlatho utsegulidwe.

Chinanso, sabata iliyonse sabuyo amayenera kutumiza certified payroll, ambiri amagwiritsa fomu ya WH-347. Pamakhala dzina la wantchito aliyense, mtundu wa ntchito, maola a tsiku ndi tsiku, malipiro ndi zodulidwa, ndipo wina amasaina kuti zonse ndi zoona. Ngati anyamatawa akulandira $22, ndiye kuti pepalalo likunama mwa njira imodzi mwa izi: sanawalembepo n'komwe, kapena anawalemba malipiro oyenera koma maola ochepa kuti masamu afanane ndi cheke. Yachiwiriyi ndi yofala. Munthu wagwira maola 48, pa fomu alemba 21, cheke n'kukwanirana bwinobwino. Chomwe chimaulula bodza limeneli ndi kope la wantchito, zithunzi zokhala ndi nthawi, ndi buku la tsiku ndi tsiku la inspekitala lomwe limasonyeza kuti pa saiti panali anthu angati. Kusaina payroll yabodza ndi mlandu wa federal, ndipo kampani ikhoza kuletsedwa ntchito za boma kwa zaka zitatu. Mapepala onsewa amayenera kusungidwa zaka zitatu ntchito itatha.

KalipentalaWakale
Oyang'anira amabweranso pa saiti kufunsa antchito mmodzimmodzi. Mabwana ena amaphunzitsiratu anthu zoyankha, kuti ukanene kuti ndiwe lebala ndipo umalandira zakuti. Ana inu musavomere zimenezo. Mukasaina bodza pa fomu ya mafunsoyo mwadzipangira nokha umboni wokutsutsani. Nenani zomwe mumagwira ndi zomwe mumalandira.

Ndipo wina akakupatsani cheke chathunthu n'kunena kuti mukachisinthe mubweze gawo lina m'manja, umenewo ndi mlandu wina pansi pa Copeland Act ya 1934, ndipo uli ndi ndende.

NaBanda_Indy
Za kuchotsedwa ntchito sizinayankhidwe.

Chitedze
Malamulo a 2023 anaika ndime yoletsa kubwezera wantchito yemwe wadandaula kapena wathandiza kafukufuku, ndipo akhoza kulamula kuti abwezeretsedwe pa ntchito ndi kulipidwa zomwe wataya. Khothi la federal ku Texas linayimitsa ndime zitatu za malamulowo mu June 2024, zokhudza madalaivala a mathiraki, operekera katundu, ndi makontirakiti omwe anaiwala kuikamo ndime za Davis-Bacon. Ya kubwezerayi sinali m'gulu limenelo. Komabe kunena zoona, kubwezera kumachitika, kumangobwera ndi dzina lakuti ntchito yachepa. Ndiye asonkhanitse umboni kaye asanalankhulenso ndi kapitawo, ndipo apite onse anayi pamodzi, osati mmodzi yekha.

Kodandaula ndi kuwiri: ofesi ya boma yomwe inapereka kontirakiti, ndi Wage and Hour Division pa 1-866-487-9243. Salipiritsa, ndipo saulula dzina la wodandaula kwa bwana popanda chilolezo chake. Malipiro amayenera munthu pa ntchito yomwe wagwira kale mosayang'ana mapepala ake okhalira m'dziko, koma ngati pali wina yemwe nkhani ya mapepala ikumudetsa nkhawa, ayambe wakambirana ndi loya wa za immigration kapena worker center, bungwe lothandiza antchito, asanaimbe.

Mbiya77
Pa ichi ndiye tikugwirizana. Kontirakitalayo anatchula mtengo wake atawerengera kale malipiro a pa mndandanda, ndipo boma linamulipira. Ndalamazo si zake.

Nkhwazi_SB
Mmodzi mwa iwo akuganiza zosamukira ku Michigan mwezi wamawa. Akachoka ndiye kuti wataya zake?

MayiWaPayroll
Sataya. Ngongole ndi ya maola omwe anagwira kale, kaya wasiya ntchito kaya wasamuka. Asanachoke asiye makope a ma pay stub ndi a kaundula wake kwa anzake, ndipo wofufuza akhale ndi adiresi ndi nambala yake yatsopano. Ndalama zikatoleredwa koma mwini wake osapezeka, Wage and Hour imazisunga zaka zitatu kenako zimapita ku Treasury. Pa webusaiti yawo pali tsamba la Workers Owed Wages, amalembapo dzina la kampani n'kuona ngati pali zake.

Injiniya_wa_Misewu
Ku Michigan akafunsenso za lamulo la steti. Analichotsa mu 2018 koma analibwezeretsa, ndipo linayambanso kugwira mu February 2024 pa ntchito zomwe steti yaikapo ndalama. Ntchito ikakhala ndi ndalama za mbali zonse ziwiri, ayang'ane mu kontirakiti kuti aikamo mndandanda uti, ndipo ajambule bolodi tsiku loyamba lomwelo.